Mizere ili padzuwa, ife tili pamthunzi

Lachiwiri ndinadziona ndekha ndikuthamanga, ndipo sizinandisangalatse. Mimba patsogolo, ine pambuyo, chipewa m'manja. Anandionetsa ndi a Dona Celeste, mayi wa ku ofesi yoona za misewu, amene anamangirira kamera papolo ya magetsi pamphambano yathu ya ku Matema.

Kamerayo itangoikidwa, bairo yonse, dera lathu lonseli, inati basi, multa yafika, tiyamba kulipira chindapusa. Oyendetsa chopela, tinjinga tamoto ta matayala atatu tija, anayamba kuyenda ngati anyamula mazira. Sabata isanathe anali ataiwala.

Ine ndinapita kukafunsa chifukwa cha apongozi anga aamuna. Mkuluyu anachokera ku Angonia ndi bondo lovuta, ndipo tsiku lililonse amawoloka pamenepo popita kukagulitsa mbatatesi. Zimagalimoto za ku Moatize sizidziwa kuti munthu ali ndi bondo. Mwezi watha china chinawaphonya pang'onong'ono, nsapato yawo n'kutsalira pamsewu. Kuyambira tsikulo mkazi wanga sakhazikika mpaka awaone akulowa pageti. Nanenso ndimaopa, ndisaname.

"Kamera yanuyi yagwira angati, mayi?" ndinafunsa.

"Siigwira munthu, bambo. Imangoona mmene mumawolokera. Tabwerani muone."

Pakompyuta pawo ndinaona mizere yoyera yowolokerapo ija timaitcha pasadera. Inali yokhayokha, ikung'anima padzuwa. Amene anadutsapo mwaulemu ndi mbuzi. Anthufe, amayi a mabeseni, ana asukulu, abusa ndi mashehe omwe, tinkaunjikana chapatali pansi pa mtengo wa nimu, kenako n'kudumphira mumsewu pomwepo, pamene dalaivala satiyembekezera n'komwe. Ndi pamene mimba yanga inatulukira pakompyutapo. Apongozi nawo ndinawaona, akukoka mwendo pakati pa minibasi ya chapa ndi lole. Apo sindinaseke.

"Poyamba tinkati ndinu anthu osamva," anatero mayiwo. "Ndiye ndinakaima ndekha papasadera paja masana. Bambo inu, ubongo unatsala pang'ono kuwira!"

Nkhani yake ndi imeneyo, abale anga. Dzuwa la kuno mukulidziwa. Ndani angaime patala yotentha, kudikira kuti mndandanda wa malole uthe, mthunzi ukumukodola chapafupi? Ku Chimadzi, ku Canongola, konse timayenda chimodzimodzi, kuchoka pamtengo kupita pakhonde la sitolo, kuchoka pakhonde kupita pamtengo wina. Wopaka mizere anayeza msewu bwinobwino, koma dzuwa sanaliyeze.

Tsopano ku ofesi kwawo akuti kuli maganizo awiri. Ena akuti mtengowo udulidwe, tisowe pothawira, tibwerere kumizere. Ena, ndi a Dona Celeste omwe, akuti mizereyo ndiyo isamuke, ipite pansi pa nimu, aikeponso kachitunda koti magalimoto azichepetsa liwiro.

Madzulo ndinawafotokozera apongozi zonsezi.

"Adule mtengo?" anatero akusisita bondo. "Asavutike, mkamwini. Ndiziwolokera pamthunzi wa sitolo ija."

Mkazi wanga anangogwira pakamwa. Sitolo akunenayo ili pakona penipeni, pamene ngakhale mbuzi ija singayerekeze.

Ndiye inu akuluakulu amene mukhale pansi kugamula, kamera yanu yaona kale, ndipo yaona bwino. Chapafupi n'chiti: kunyamula chitini cha penti kupita nacho pansi pa mtengo, kapena kuphunzitsa apongozi anga, ndi bondo lawolo, kuima padzuwa la ku Tete?