Chigayo Chimene Chinaphunzira Kudikira

Ku Mualadzi aliyense amadziwa kuti a Timóteo saliza chigayo asanaitane munthu wakufa. Amatenga sipanala, kugogoda pachitsulo cha dzenje lothiramo chimanga, n'kufuula kuti, "Castigo, tuluka, ndikuyatsa!" Akatero amatchera khutu pang'ono. Ana amaseka, alendo amayang'anana, koma akuluakulu amangozolika, chifukwa maliro aja iwo anawaona.

A Timóteo anabadwira komweko. Nkhondo inawathamangitsira ku Zambia ali mnyamata, ndipo anabwerako ndi luso lokonza mainjini komanso mkazi, mayi Felismina. Mkaziyo sanabwere yekha, anabwera ndi mlongo wake Castigo, munthu wa pakamwa posatseka. Alamu awiriwa ankanyozana kuyambira m'mawa mpaka nkhuku kulowa m'khola. Castigo ankati mlongo wake anakwatiwa ndi chigubu cha mafuta a injini, a Timóteo ankati Castigo akaimba m'kwaya ya paparishi angelo amatseka mazenera. Bungwe la alimi litamanga chigayo cha magetsi, linawalemba ntchito onse awiri, poti wina popanda mnzake sankaoneka wathunthu.

Masana ena magetsi anathima. Castigo anatsikira m'dzenje muja kukachotsa zitsononkho zimene zinatsekereza parafuzu, chitsulo chopota chimene chimakweza chimanga kupita m'chigayo. A Timóteo anali panja, akupopa njinga pansi pa mtengo wa mango. Magetsi sachita odi akamabwera. Anangobwera, makina n'kudzidzukira okha.

Palibe anawaimba mlandu a Timóteo pa imfa ya Castigo, ngakhale mayi Felismina. Koma mtima wa munthu suyendera chigamulo cha anthu. A Timóteo ankamva kuti mlamu wawo akadali m'dzenjemo, atawerama, akudikira munthu womuchenjeza, ndipo ntchito imeneyo anaisenza okha. A padiri a paparishi anawalankhula kuti akufa ali m'manja mwa Mulungu, osati m'chigayo. Iwo anavomera mwaulemu, m'mawa mwake n'kukagogodanso.

Zaka zitapita, bungwe lija linafuna kugulitsa ufa wa m'matumba kwa amalonda odutsa pamalire a Cassacatiza. Ogulawo anati popanda seritifikadu yosonyeza kuti makina ndi otetezeka, iwo sagula. Ndiye kunabwera dona Judite, enjenyeira wa kampani ina ya ku Tete, amene ntchito yake inali kulumikiza mamota, masikelo ndi zitseko za makina kuti zonse zizimvera bokosi limodzi lotuwa la pakhoma, lotchedwa kwaduru. Anali mayi wosachulutsa mawu, wokonda kulemba nambala pawaya aliyense. A Timóteo anamukonda chifukwa sankanyansidwa ndi gaga.

Amene anaononga zinthu ndi a Gideoni, wapampando wa bungwe, munthu wokonda kulengeza zimene sanazimvetse. Anaima pakhomo la chigayo, manja m'chiuno, n'kunena kuti, "Timóteo, upume tsopano. Makinawa aziyaka okha, azithima okha!"

Aziyaka okha. Mawu amenewo anawalowa a Timóteo ngati munga wa m'chidendene. Nanga Castigo adzamuitana ndani? Anayamba kudula magetsi onse pa swichi yaikulu akangofuna kuchoka, ngakhale kopita kukhale kuseri kwa chigayo. Koma kwaduru inkafunika kuyesedwa osaidukiza woyendera makina wopereka seritifikadu asanafike, ndipo mayesowo ankalephera tsiku ndi tsiku. A Gideoni anakalipa kuti nkhalamba yolankhula ndi mizimu iwadyetsa manyazi, ndipo akapitiriza achoke. Kuchotsedwa ntchito a Timóteo sankakuopa kwenikweni, ankaopa kuti akachoka m'dzenjemo mudzatsala munthu wopanda womuitana.

Dona Judite anawapeza dzuwa lili paliwombo, dzanja lili pa swichi ija.

"Abambo Timóteo, ndinu amene mukundithimitsira kwaduru?"

"Ndine, dona."

"Chifukwa?"

Anamufotokozera zonse, za njinga, za zitsononkho, za kwaya. Ankayembekezera kusekedwa, koma mayiyo anangopukuta manja pa ovolosi.

"Bwerani muone," anatero.

Analiza chigayo, parafuzu n'kuyamba kuzungulira. Kenako anadula magetsi onse monga amathimira okha, phokoso lonse n'kuzizira. Anayang'ana a Timóteo, n'kubwezera magetsi aja. A Timóteo anatsinzina, pakamwa pali yasa kufuna kufuula dzina.

Kunali zii. Pa kwaduru pankangophethira kanyali kachikasu.

"Magetsi abwera, koma makina sadzuka," anatero dona Judite. "Adikira mpaka munthu abwere, aone ndi maso ake, adine apa. Akadina, belu lilira kaye. Ndipo wotsikira m'dzenje amakhoma swichi ndi loko uyu, kiyi n'kuika m'thumba mwake. Woyendera akapeza izi palibe, seritifikadu satipatsa. A Gideoni anamva theka la nkhani."

A Timóteo anayandikira, n'kukhudza kanyali kaja ndi chala ngati akukhudza chipumi cha mwana wodwala.

"Nzeru zimenezi ndi zanu, dona?"

"Ayi, abambo. Ndi malamulo a makina, olembedwa. Ife timangotsatira."

"Analembedwa liti?"

"Kalekale. Ine ndisanayambe n'komwe shikola, ndisanadziwe kuwerenga."

Mayiyo ananena zimenezi mosaganizira, akukulunga waya. Koma a Timóteo anayang'ana nkhope yake, mayi wamkulu ndithu, wa ana akeake. Castigo anamwalira chaka chimene mdzukulu wawo woyamba anabatizidwa, mwana amene mpaka lero akadali ku primariya. Ndiye kuti tsiku lija akupopa njinga, lamuloli linalipo kale, lili phee m'buku kwinakwake, kungoti ku Mualadzi linali lisanafike. Chisoni chimene chinawagwira pamenepo chinaposa cha pamaliro, pakuti pamaliro ankati ndi tsoka, ndipo tsoka silinunkha.

Woyendera anabwera, anayesa zonse, seritifikadu inatuluka, a Gideoni n'kuipachika pakhoma ngati ndi iwo anailemba. A Timóteo sanachotsedwe. Nkhani ya lamulo lija sanawauze mayi Felismina, ndipo sadzawauza.

Masiku ano magetsi akathima n'kubweranso, mudzawapeza ataima patsogolo pa kwaduru, sipanala m'manja, kanyali kachikasu kakuphethira. Amagogoda, amaitana mlamu wawo, kenako amachedwa kudina kuposa kale. Amayi a matumba a chimanga amadandaula kuti dzuwa likupita. Iwo samva. Amangoyang'ana dzenje lija, chigayo chikudikira moleza mtima, nthawi yokwanira kuti munthu akwere makwerero, asase gaga m'mutu, n'kuwatukwana kuti anali kuti.