Moni wa pa kaseti

Migodi itayamba kuchotsa anthu, ine ndinali m'gulu loyamba kuuzidwa kuti basi, zikomo. Ndinabwerera ku Maddington, dera la m'tauni komwe ndimakhala kudziko la eni kuno, ndi bokosi langa la zipangizo za magetsi. Amayi a mwana wanga, omwe tinali titasiyana kale, anali atapeza ntchito kuchipatala china kumpoto, ndiye anandisiyira mtsikanayo kuti amalize sekondale. Zaka zonse zimene ndinkakhalira kumigodi, iye anakula osandizolowera, inenso osamuzolowera.

Kutha kwa ntchito sikunandipweteke ngati nkhani ya moni. Kwathu mwana sadutsa bambo ake m'mawa ngati akudutsa mtengo. Koma wangayu ankatuluka kuchipinda timawaya tili m'makutu, kukweza chibwano pang'ono, uyo wathamangira sitima. Chichewa ankachimva bwinobwino, koma poyankha chinali Chingerezi chokhachokha, cha m'mphuno chija. Ndikati, "Iwe, pakamwa pali chilonda kodi?" ankangoseka. Ndinkafuna chinthu chimodzi basi: asanachoke pakhomo panga, andipatse moni m'chilankhulo chathu, ngakhale kamodzi.

Kuno pali nyengo imene anthu amaunjika katundu wotha ntchito m'mphepete mwa msewu. Lova sachita manyazi. Pa mulu wina ndinatola kompyuta yamakedzana, ya kiyibodi yonenepa, yolumikiza ku TV, yosunga zinthu zake pa kaseti yonga ya nyimbo. Kabolodi kena m'kati mwake kanali katapsa, ndipo kogula kunalibe. Ndinati ndipanga ndekha monga ankachitira akale. Umajambula njira za magetsi ndi utoto pa kabolodi kokutidwa ndi mkuwa, n'kukaviika m'mankhwala odya mkuwa. Pamene pali utoto ndi pomwe mkuwa umatsala.

Utoto wabwino pa ntchitoyi ndi wopaka zikhadabo. Ndinagogoda kuchipinda kwa mwana wanga.

"Tandibwereka utoto wako wofiira uja."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuzala, n'kundifunsa m'Chingerezi ngati zonse zili bwino. Tinaseka tonse. Mwezi umenewo kucheza kwathu kwakukulu kunali kumeneko.

Ndinkajambula masana m'galaja, kukutentha koopsa, msewu wonse uli zii, kumveka magalimoto a kumafakitale okha. Njirazo zimayenda moyandikana koma siziyenera kukhudzana. Dzanja likanjenjemera pang'ono, yambiranso. Ndinawononga mabolodi angapo, zala zinachita chikasu ndi mankhwala, koma tsiku lina TV inawala. Ndinakuwa ndekhandekha m'galajamo, "Eyaa!" popanda wondimva.

Kenako ndinailembera malangizo kompyutayo, n'kuwasunga pa kaseti. Ukaika kasetiyo, inkazungulira kanthawi, kenako pa TV n'kutuluka mawu akuti WADZUKA BWANJI? Ndipo inkadikira, osapitirira, mpaka munthu atayankha m'Chichewa. Ndinaiika pa tebulo la kukhitchini, poti mwana asailambalale. Ndinkati poti ana a masiku ano amamvera makina kuposa makolo, mwina awa awayankha.

Anawerenga, n'kunena kuti n'zoseketsa, n'kutenga chikwama chake. Mawa lake chimodzimodzi. Mapeto ake woyankha ndinali ine ndemwe, bambo wamkulu ndi ndevu zanga, kulemba NDADZUKA BWINO ndi chala chimodzi, tiyi akuzizira. Ndinkasungulumwa, sindibisa.

Anakhoza mayeso, n'kupeza malo ku yunivesite ya kum'mawa kwa dziko lino, kutali zedi. Kubwalo la ndege anandikumbatira mwamphamvu, n'kulankhula mawu okoma ambiri, onse m'Chingerezi. Ndinabwerera kunyumba ndikudziuza kuti zakanika basi.

M'mawa mwake ndinaika kaseti monga mwa chizolowezi. Inazungulira, koma pa TV panalibe kanthu. Ndinabweza, kuyesanso, ayi ndithu. Mtima unandiwawa. Ndinati mwana ndamutaya, tsopano ndi makina omwe andikane? Ndinazula waya wochoka ku wailesi ya kaseti kupita ku kompyuta kuti ndimve ndi makutu anga pamene kasetiyo yawonongeka. Kunamveka kulira kwa malangizo anga aja, tswiii, kenako kunadukiza.

"Adadi." Anali mawu a mwana wanga pa kasetipo, ndipo anatsokomola pang'ono. "Adadi, mwadzuka bwanji?"

Lilime linali lolemera, mawu akutuluka limodzilimodzi ngati akuwoloka mtsinje pamiyala. Kenako kaphwete kamanyazi, n'kuzimitsa. Mwana ameneyu! Anajambula mawu ake pakati penipeni pa malangizo anga, n'kuwafufutiratu. Sindikudziwa kuti anayeserera kangati, kapena kuti anajambula nthawi yanji.

Malangizowo sindinawalembenso. Kompyuta ili m'galaja, ndi kabolodi kanga ka njira zokhotakhota. Mwana amaimba foni, ndipo timalankhula monga kale, ine Chichewa, iye Chingerezi. Za kaseti sitinakambiranepo.

Koma m'mawa ndikathira tiyi, ndimabweza kasetiyo. Iye amandifunsa, ine ndimayankha mokweza, "Ndadzuka bwino mwanawe, kaya iwe?" Ndipo ndimadikira, kaseti ikungozungulira.