Geti ya a Ambrosi

Mukaona geti yowongoka bwino kuno ku Chilomoni, dziwani kuti ndi manja a bambo Ambrosi. Anawotcherera zitsulo ku Makata zaka makumi atatu, ndipo atapuma anapitiriza pakhomo pawo. Ine ndakhala neba wawo chikwatiwire, ndiye ndikunena zomwe ndinaona ndi maso angawa.

Geti ya kwawo ankangoikola ndi kawaya. Tonse tinkakankha n'kulowa kukacheza ndi akazi awo, mayi Angela, poti matenda a shuga sankawalolanso kuyenda patali.

Mwana wawo Tithokoze, yemwe amagwira ntchito ku Joni, anamva kuti akuba avuta kwathu kuno. Pa Khirisimasi anabwera ndi amisiri, naika makamera, waya wa malezala pampanda, ndi mota yotsegula geti pafoni. Foni yake iti? Ya iyeyo. Makolo anawasiyira karimoti, koma kakiyi kotsegulira pamanja anabwerera nako ku Joni, eti kuopa kuti madala angataye.

Mwanayo sindimuda ayi, chinali chikondi. Koma tsiku lina a Ambrosi anandiuza kuti, "Mayi a Brenda, ndasanduka mlendo pakhomo panga. Ndikangotuluka, mwana ku Joni wadziwa kale."

Lachiwiri lina magetsi anathima m'mamawa, ndipo batire la motayo linali litafa kalekale. Dzuwa lili paliwombo tinamva a Ambrosi akufuula kuti mayi akomoka. A Luqman, neba mnzathu, anabweretsa minibasi yawo n'kuima pageti. Karimoti kaja zii. Tinaimbira Tithokoze, iye n'kumadina foni yake akulira, koma popanda magetsi nyumbayo sinkamumva. A Ambrosi anathamangira makina awo odulira zitsulo, n'kukumbukira ali nawo m'manja kuti nawonso amafuna magetsi. Anayamba kucheka ndi sowo. Koma getiyo anaipanga okha, yolimba yoti wakuba asaidule.

Ife kunja, iwo mkati, ola lathunthu. Pomwe azibambo ankamaliza kugumula mpanda ndi mahamala, mayi Angela anali atatisiya. Mpaka lero zimandiwawa, chifukwa chipatala sichinali kutali n'komwe.

Tithokoze anafika tsiku lachitatu, masamba a maliro ali pamsewu. Anapeza geti itachotsedwa, itagonekedwa m'mbali mwa ngalande, anthu akungolowa ndi kutuluka ngati kale. Sanapereke moni kwa wina aliyense. Anakagwada pamaso pa bambo ake, napisa dzanja m'chikwama, n'kutulutsa kakiyi kaja.

A Ambrosi anakayang'ana nthawi yaitali, kenako anapinda zala za mwanayo kuti akafumbate.

"Kasunge, mwanangu," anatero chapansipansi. "Mayi ako amene tinkawatsekera aja apita."