Chithunzi Chang'ambika, Pompi Aikhoma

Ndikulemba izi mwana ali kumsana, ndiye mawu akathamangathamanga mundikhululukire, anzanga owerenga. Sabata ino yonse ndakhala chomwecho, mtima uli m'mwamba, khutu lili kukhomo.

Lolemba m'mawa ndinapita ku pompi yathu kuno ku Kabwata, pompi imodzi imene timatungapo tonse a m'chigawo chathu, ndikupeza aivundikira ndi chitini, akolekapo loko. Ndowa zili pamzere monga mwa nthawi zonse, eni ake aima chete, manja m'chiuno. Ndinayesa paipi yaphulika. Ayi ndithu, madzi analimo, ukaika khutu pa chitinicho umawamva akulira mkati.

Nkhani yake ndi iyi. Loweruka likubwerali tisankha tcheyamani wa komiti ya madzi. Aimirira anthu awiri, ba Zulu amene ali pampando ndipo ndiwo amasunga kiyi, ndi ba Mwanza atelala. Chipani ndi chimodzi, tonse makhadi tili nawo, langa lili m'chikwama cha sikelo ya mwana, koma mukadaona mmene adanirana awiriwa mukadayesa ndi mayiko awiri. Zithunzi zao anazimata ndi phala pakhoma la kuseri kwa pompi. Lamulungu masana chithunzi cha ba Zulu chinapezeka chong'ambika, kuyambira pachibwano mpaka pa tayi. Ba Zulu ati ndi anthu a ba Mwanza, ndipo madzi sadzatuluka mpaka wong'ambayo titabwera naye kwa iwo.

Tsono Dalitso wanga anali atayamba kale kutsegula m'mimba. Asisita a kukiliniki anandiuza bwinobwino, wiritsa madzi, ikamo mchere pang'ono ndi shuga, uzimumwetsa pafupipafupi, matewera uzichapa nthawi yomweyo, m'manja uzisamba. Ndinavomera zonse. Koma ndi madzi ati?

Dzuwa lisanafike pamutu ndinamva kugogoda. Ba Zulu, ndi amuna awiri a chipani kumbuyo kwao.

"Amake Dalitso, windo yanu iyangana ku pompi. Munkhala pamenepo zuba yonse monga pusi wolinda makoswe. Munaona ndani?"

Ndinati ndinali kusamala mwana.

"Mwana bamasamala na manja, maso yamankhala ya fulii. Kambani chabe ati ni banthu ba Mwanza, manje manje nizatsegula."

Ndinayang'ana pansi. Anachoka, koma mmodzi wa amuna aja anatsalira pang'ono, kuyang'anitsitsa nambala ya nyumba yathu ngati akuiloweza.

Atate a Dalitso pobwera kuntchito, iwo ndi amesenjala pa ofesi ina ku Longacres, ndinawauza. Anakhala pansi osavula nsapato. "Iwe, ntchito ndi imodzi iyi. Akangonena kuti mkazi wanga ndi wosokoneza, tibwerera ku Katete ndi mphasa pamutu. Ngati unaona, nena. Ngati sunaone, tseka pakamwa." Sindiwadzudzula. Mantha ao ndi anga omwe.

Koma ndinaona, anzanga. Ndinaona zonse.

Sanali munthu wa ba Mwanza. Sanali munthu wa aliyense. Anali mtsikana wokwatiwa kumene, wongofika kuchokera kumudzi, ali ndi pakati, sadziwa kuwerenga ngakhale dzina lake. Dzina sinditchula, ngakhale pano, ndipo ndayembekeza mpaka atapita kwa achibale ake kutali ndi kuno ndisanalembe izi. Ofuna kuwerenga mimba za m'chigawo chathu awerenge, adzatopa.

Amayi nonse mudziwa chimene timachita ndowa ikadzaza. Timathyola masamba n'kuika pamwamba pa madzi kuti poyenda asakhavukire kumaso. Tinaphunzira tili ana. Pa pompi yathu panali mtengo wa magwafa, ndipo aliyense amangotambasula dzanja. Mtengowo anaudula mwezi watha. Anadula ndani? Komiti ya ba Zulu, ati unali kubisa zithunzi kwa anthu odutsa mumsewu.

Ndiye mtsikanayo anadzaza ndowa yake, nayang'ana uku ndi uku, tsamba palibe, Okutobala uyu ngakhale udzu wapsa. Anaona pepala lomatuka pakona, likukupiza ndi mphepo. Anakoka, naliyala pamwamba pa madzi, nasenza, napita. Sanathamange, sanacheuke. Sanadziwe n'komwe kuti wasenza chibwano cha tcheyamani.

Mwina mukuseka. Inenso ndikadaseka ndikadapanda kuona zimene anthu a chipani anachita chaka chatha kwa mayi wina amene anamunamizira kuti watukwana pamsonkhano. Anamudumphitsa ngati chule kuzungulira msika, ndowa yodzaza ili pamutu, ana akuwomba m'manja. Ameneyo analibe pakati. Nanga uyu?

Ndiye onani pamene ndinaima. Ndikamutchula, madzi atuluka, mwana wanga amwa, koma mwana wa mnzanga amene sanabadwe mwina sadzaona dzuwa. Ndikanama kuti ndi anthu a ba Mwanza, wina akamenyedwa wosalakwa. Ndikakhala chete, milomo ya Dalitso ikuuma ndikuona.

Lachiwiri kunabweranso mlendo. Ba Mwanza, tepi yao ili m'khosi, akumwetulira. Ndinati mwina uyu wabwera ndi nzeru.

"Mlongo wanga, nili na sowo ya nsimbi ku shopu. Loko ija ni mphindi zibili chabe. Imwe mukambe pa miting'i ati munaona banthu ba Zulu bang'amba beka kuti batinamizile."

Ndinawafunsa ngati sangadule lokoyo kaye, mwana amwe, zokamba zibwere pambuyo. Ati ndale siziyenda choncho.

Apo m'pamene ndinazindikira kuti onse awiri loko uja akumukonda. Wina akumugwiritsa ngati chikwapu, wina ngati nyambo. Woti amve ludzu la mwana palibe.

Tsiku limenelo madzi ndinakapempha ku Woodlands kumene mkulu wanga amagwira ntchito ya m'nyumba. Ulendo wonsewo wapansi, mwana kumsana, chigubu kumanja, ndikumusisita pamutu kuti ndimve ngati liwombo lalowa. Nditafika ndinapeza paipi ili gone pa kapinga, madzi akungoyenda okha, galu akusewera nawo. Sindikuti anthu a kumeneko alakwa. Ndikungofunsa, kodi chithunzi cha munthu chikang'ambika ku Woodlands kapena ku Kabulonga, amabwera kudzatseka madzi m'nyumba zao? Bwanji chilango cha gulu chimadziwa njira ya kwa ife okha otunga pamzere?

Chigubu chimodzi chinakwana kumwa ndi kuphika. Matewera anangowunjikana m'beseni kuseri kwa chitseko, ntchentche zili ng'waa.

Lachitatu m'mawa tinamva kuti madzulo ake kubwera akuluakulu a chipani ochokera ku tauni kudzaonetsa anthu awiriwa kwa ife, ndipo msonkhano uchitikira pa pompi pomwepo. Anyamata anayamba kusesa, kuika mabenchi, ba Zulu anamatitsa chithunzi chatsopano. Ndinayang'ana beseni lija, ndinayang'ana mwana, ndipo sindidziwa chimene chinandigwira. Ndinanyamula beseni, ndinakamanga chingwe pakhoma pansi pa zithunzi zonse ziwiri, ndi kuyamba kuyanika matewera osachapa, limodzi limodzi.

Bana Bwalya, mnansi wanga wa Chibemba amene saopa ngakhale njoka, anatulukira pakhomo nandipatsa moni wa kwao. "Mwashibuka shani, amake Dalitso? Iyi ndiye flagi ya section yathu?" Analowa m'nyumba, natuluka ndi beseni lao, iwo ali ndi mapasa. Amayi ena anaona. Palibe amene anaitana mnzake. Pofika masana khoma lonse linali loyera ndi lachikasu, ndipo fungo linali kufika kumsewu.

Ba Zulu anabwera chothamanga, jekete ili kumanja.

"Chosani ivi vinthu. Muziba bamene babwela lelo?"

Bana Bwalya ati, "Tizachosa tikawasha, ba Chair. Olo mufuna tiwashe na mata ya mukamwa?"

Anatembenukira kwa ine, poti amadziwa woyambitsa. Mawu anga anatuluka aang'ono ngati a mwana wa sukulu, koma anatuluka. Ndinati, ba Zulu, amene anang'amba ndinamuona. Sanali kudana nanu. Anafuna tsamba loika pa ndowa, ndipo mtengo munadula ndinu.

Amayi onse anati hmm pamodzi, chifukwa aliyense wa iwo wakhala akufika kunyumba chitenje chili chonyowa kuyambira tsiku limene mtengowo unagwa.

"Dzina," anatero ba Zulu.

Ndinati dzina ndilibe loti ndikupatseni. Mukafuna wodumpha ngati chule, ndine ndili pano, koma muyambe mwandigwirira mwanayu, ndipo musamale, akutsegula m'mimba.

Anayang'ana mwana, anayang'ana chingwe, anayang'ana kumsewu kumene galimoto ya akuluakulu idzatulukire. Kenaka anapisa m'thumba natulutsa kiyi. Sanapepese, anangoti akutsegula chifukwa cha alendo, nkhani siinathe. Madzi atatuluka palibe amene analulutira. Tinangoti aliyense ndowa yake, ndipo amayi anandilola kutunga poyamba.

Dalitso tsopano akuyamwa, dzulo anandiluma n'kuseka. Koma musayese kuti mantha atha. Galimoto ikaima panja ndimasuzumira. Atate ake amachoka m'mawa osayankhula zambiri, ndipo nkhani ino sanaione, adzaiwerenga limodzi ndi inu. Mwina mawa ndidzanong'oneza bondo. Lero ayi.

Chimene chandiwawa si loko yekha. Ndi mmene tinaimira Lolemba lija, amayi tonse, kuyang'ana chitini ngati maliro, wina aliyense akunong'ona kuti wong'ambayo angodziulula tipume. Tinali okonzeka kupereka munthu kuti tigule madzi athu omwe. Tazolowera. Pamsika akatseka geti timafunsa kuti walakwa ndani, sitifunsa kuti wapatsa munthu mmodzi mphamvu yotseka ndani. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, timanena tokha mwambiwu, koma pamzere wa madzi timauiwala.

Kung'amba chithunzi cha munthu n'kulakwa, sindikukana, ndipo amene amachita dala, ndamva ku Chelstone akupaka matope pankhope za anzao, aleke. Munthu aime, timuone nkhope, timusankhe kapena timukane. Koma pepala limamatidwanso, ba Zulu anamata lina Lachitatu lija. Mwana akauma madzi m'thupi mumamata ndi phala lanji?

Loweruka tidzasankha monga timachitira, poima pamzere kumbuyo kwa munthu amene tamufuna, masana, aliyense akuona. Ine ndidzapita, Dalitso ali kumsana. Koma ndisanaime kumbuyo kwa wina aliyense ndidzakweza dzanja, ndipo amayi anzanga a m'zigawo zina amene mukusankhanso, kwezani anu. Funso langa ndi limodzi, ndipo ndikulinena pano kuti awiriwo akonzekere, asadzati ndawadzidzimutsa.

Ba Zulu, ba Mwanza, amene mudzapambane, tsiku limene wina adzakukwiyitsani, mudzamwetsa ukali wanu mwana wa yani?