Jekete ya Mnyamata Wachipani

Ndinali mkulu wa mpingo ku Nyimba m'zaka zija za chipani chimodzi, pamene munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani. Tsiku lina ndili pamsika, anyamata achipani anagwila amai Daka, ogulitsa nthochi, amene mpingo wawo unkakana makhadiwo.

"Mfumu yanga ndi Yesu," anatelo amaiwo.

Mtsogoleli wa anyamatawo anavula jekete n'kundiponyela. "Bambo, tagwilankoni iyi."

Ndinagwila. Iye anawawomba mbama amaiwo mpaka chitambala cha kumutu chinagwa, n'kuwaponda m'nthiti, magazi ali chuchuchu m'kamwa, nthochi zili mbwee pansi. Ine, amene Lamulungu lililonse ndinkabangula paguwa kuti tiziopa Mulungu yekha, ndinangoima n'kumapinda jeketeyo bwinobwino kuti isachite makwinya. Ndinaisansanso fumbi. Atamaliza, ndinamubwezela ndi manja awili, ndipo "zikomo" ndinanena ndine.

Patapita milungu iwili ndinakumana ndi amai Daka panjila ya ku Nyalugwe, mlomo ukadali wotupa. Ndinayamba kuchita chibwibwi, n'kumati za Kaisala tizipeleka kwa Kaisala.

Anandidula mofatsa. "Musavutike, bambo. Jekete ija munaisunga bwino."