Mabokosi Opanda Kanthu pa Shelefu ya Adokotala

Mlamu wanga, amene anagwirapo ntchito yosesa m'kiliniki yolipira ku Lusaka, anandichenjeza kale kuti ndikalowa m'malo otere ndisamayang'ane nkhope ya dokotala, ndiziyang'ana shelefu.

Ine sindikhulupirira munthu, ngakhale ana anga omwe, koma mawu amenewo ndinawasunga. Kakiliniki kathu kanali kuseri kwa msika pa Rufunsa, zipinda ziwiri basi, mwini wake dokotala wachikulire wopuma ntchito. Ndinkapimitsa kumeneko kuthamanga kwa magazi, poti miyendo yangayi singaime pamzere wautali wa kuchipatala cha boma.

Tsiku lina adokotala atatuluka kukasamba m'manja, ndinanyamula bokosi limodzi la mankhwala. Lopepuka. Lachiwiri chimodzimodzi. Mzere wonse unali mabokosi opanda kanthu, oyalidwa bwinobwino kuti tiziona ngati zinthu zilipo.

Anandipeza bokosi lili m'manja, koma sanakalipe. Anakhala pansi n'kundiuza kuti ndalama yopimira siikwana ngakhale lendi, kiliniki imayenda ndi mankhwala amene yagulitsa. Tsono anthu amapimitsa, n'kutenga kapepala kukapatsa kondakitala wa minibasi kuti akawagulire motchipa ku Lusaka.

"Inunso ambuya, chaka chino simunagule pano ngakhale m'bulu umodzi," anatero.

Sananame. Ndinkaganiza kuti amandidulitsira dala, ndiye ndinkadziona wochenjera.

Mvula isanagwe anandibwezera kabuku kanga kodula pakati, mmene ankalembamo za thupi langa, n'kunena kuti akupita kwa mwana wawo ku Chongwe. M'zipinda zija tsopano akugulitsamo feteleza.

Mwezi uno kondakitala wandibweretsera mapiritsi apinki, pamene anga a masiku onse ndi oyera. Akuti ndi omwewo, kampani yokha ndiyo ina. Iye adziwa bwanji, munthu wokuwa pakhomo la basi? Ndifunse ndani? Ndikumwa theka, tsiku lina osamwa, ndipo kunkhongo kukulemera ngati ndasenza ndowa. Dzulo dzanja lamanzere linachita dzanzi ndikupalira, khasu n'kugwa lokha.

Ndimakhala ndekha, nyumba yamalata yoyang'ana ku mjigo. Mukamadutsa dzuwa litakwera n'kuona chitseko chili chitsekere, musangopitirira. Gogodani, mutchule dzina lanu kuti ndikudziweni. Ndikapanda kuyankha, kankhani.