Zikhomo Zoyera za M'munda Mwathu

Munda wathu wa ku Kapelula unachita malire ndi malo amene kale panali kampu yophunzitsirako anthu kuombera mfuti. Kampuyo inatha ine ndisanakwatiwe. Chaka china amuna anga akugalauza pafupi ndi chulu, khasu linafukula chitsulo chonga papaya wosakhwima. Apolisi anadzachitenga, natiuza kuti ndi bomba, tisapondenso m'mundamo mpaka akatswiri adzaunike. Tinadikira zaka ziwiri, tikulima kachigawo kakuseri kwa nyumba kongokwanira mondokwa.

Chaka chachitatu dzina langa linatuluka pa makuponi, koyamba. Feteleza tinakatenga pa njinga, koma pothira panalibe. Amuna anga anali atagwirizana kale ndi kapitawo wa esiteti ina ya ku Mtunthama kuti mvula ikagwa munda ukadali wotseka, tonse tisamukira kumeneko ngati matenanti. Ine ndinabadwira pa esiteti, utenanti ndimaudziwa. Ndinkati ndikaganiza ana anga akusoka fodya wa eni, chakudya sichinkalowa.

Akatswiriwo anafika mu Seputembala, atavala zovala zolemera ndi zipewa zagalasi pa dzuwa lonse lija. Mkulu wawo anali bambo wamfupi wa ku Mulanje, wolankhula mosathamanga. Pamsonkhano anatiuza kuti ndalama za ntchitoyi zachokera kumayiko akunja ndipo zitha kumapeto kwa Okutobala. Pamene patsale, padzadikira mpaka eni ndalamawo atakhalanso pansi. Anafotokozanso za zikhomo zimene ankakhoma: chofiira, osayandikira, choyera, pamenepo paunikidwa. Ine ndinatolapo chimodzi chokha, choti choyera ndiye kuti zatha.

Kagwiridwe kawo kankandipsetsa mtima. Munthu wamkulu kugwada tsiku lonse, kukanda dothi ndi kachitsulo, kenako n'kutulutsa msomali. Kumjigo ndinkauza anzanga kuti aganyu otere ine sindingawaphikire ndi mbatata yomwe.

Kuno mitengo inatha ndi zigafa za fodya, ndipo chaka chimenecho mbuzi zinandizunza pa nazale yanga ya kudimba. Lamulungu lina ndikuchokera kutchalitchi, akatswiri aja ali kopuma, ndinaona zikhomo zoyera zili ndandanda, zowongoka bwino. Ndinati poti apa paunikidwa kale, mitengoyi ingodyedwa ndi chiswe. Ndinamanga chitenje m'chiuno, ndinazula mtolo wathunthu, madzulo mpanda wa nazale unali utaima. Ndinadziona wochenjera.

Lolemba mkulu uja anayamba kuyenda khomo ndi khomo kufunsa za zikhomo zosowazo. Amuna anga, amene anali atawona kale mpandawo, anangondiyang'ana n'kukakhala pamthunzi. Ndinavomera ndekha. Ndinkayembekezera kukalipiridwa ndipo mayankho ndinali nditakonza, koma bamboyo anangopempha mpando.

"Mayi, munazula mpaka pati?"

"Mpaka pachulu paja, bambo."

Kenako anandiuza kuti zikhomo za pachulu zinali zomaliza, ndipo kuseri kwake makina ofufuzira mabomba anali asanadutse. Popanda zikhomozo sakanalola munthu wake kugwada mongoganizira, choncho ayambiranso pamene pali chikhomo chotsimikizika. Ntchito ya sabata yathunthu inali itapita ndi mpanda wa mbuzi.

Patatha sabata ndi masiku ochepa anapeza bomba lachiwiri kuseri kwa chulucho, phazi limodzi kuchoka pamene ndinaima ndi nsapato zanga zakutchalitchi. Anatisonkhanitsa kutali n'kuliphulitsa. Nkhuku zinabalalika mudzi wonse, ine ndinangokhala pansi pomwepo. Sindinaopepo chotero chibadwire.

Kumjigo anayamba kunditcha mayi a zikhomo. Ndinkabweza, poti pakamwa ndili napo, koma mumtima ndinkadziwa kuti munda ukatsala wotseka, wautseka ndine. Akatswiri aja anayamba kugwira ndi Loweruka lomwe. Ine amene ndinkawanyoza ndinayamba kuwatengera thobwa, ndikumaima patali kuwerenga mizere yotsala. Mitambo nayo inali itayamba kusonkhana chakumadzulo.

Mwezi wa Okutobala unatha ngodya imodzi isanaunikidwe. Mkulu uja anapita kuboma kukalankhula ndi akuluakulu ake, anakhalako masiku awiri. Amuna anga anayamba kumanga makasu ndi mphasa. Sitinakangane. Tsiku lachitatu galimoto inabwera, bamboyo anatsika n'kulunjika kwathu. Anati eni ndalama aja amva kuti bomba lachiwiri lapezeka, ndipo alola kuti gululo likhale mpaka limalize. Sindidziwa dziko lawo lili mbali iti, nkhope zawo sindinazionepo, koma tsiku limenelo ndinawapempherera.

Atamaliza, anavula zovala zolemera zija, nayenda m'munda monse ndi nsapato wamba, uku ndi uku, ife tikuonerera. Kenako mkuluyo anandikodola kuti ndilowe. Phazi loyamba linalemera, lachiwiri linapepuka, ndipo pofika pakati ndinali ndikulira osachita manyazi.

Mvula inagwa mizere tisanamalize, tinabzala chimanga tikuunga. M'mawa wina thirakitala ya pa esiteti inabwera kudzatenga matenanti, itadzaza kale mabanja, ana atakhala pamwamba pa mitolo. Inaima pakhomo pathu, kapitawo anafunsa kumene kuli amuna anga.

"Ali kumunda," ndinatero.

"Munda uti?"

"Wathu. Pitirirani, bambo, kuno kulibe wokwera."